Ndikuyamba kumene unamwino: kodi pathupi poyamba nditenge liti?

Funso: Ndili ndi zaka 29, ndangomaliza maphunziro a unamwino ndipo ndiyamba ntchito pachipatala chachikulu miyezi iwiri ikubwerayi. Ine ndi amuna anga takhala tikudikira kuti ndimalize sukulu tisanakhale ndi mwana, ndipo pakadali pano ndikubayitsa jakisoni wa Depo. Anamwino akuluakulu akundilangiza kuti ndidikirenso zaka ziwiri kapena zitatu kuti ndikhazikike pa ntchito, koma ine ndikuda nkhawa ndi zaka zanga popeza tikufuna ana awiri kapena atatu. Kodi nthawi yabwino ndi iti?

Yankho: Mayi, malinga ndi zimene mwafotokoza, uphungu wanga ndi wakuti mulole pafupifupi chaka chimodzi cha ntchito chidutse musanayambe kuyesa kutenga pathupi, koma musadikire zaka zitatu. M'chaka chimenechi muli zinthu zokhudza thupi lanu ndi zokhudza mapepala anu a ntchito zimene ziyenera kukonzedwa, ndipo chimodzi mwa izo, jakisoni amene mukubayitsayo, chikufuna chisankho mwamsanga. Mukanakhala ndi zaka 36 ndikanakuyankhani mosiyana, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa kusiyanitsa zinthu zimene zingathe kusunthidwa ndi chinthu chimodzi chimene sichisunthika, chomwe ndi msinkhu wa mayi.

Chaka choyamba cha namwino n'cholemera. Kusukulu munkasamalira wodwala mmodzi kapena awiri mphunzitsi ali pambali panu, koma pawodi mudzapatsidwa odwala ambiri nthawi imodzi, mudzafunika kusankha woti muyambe naye pamene atatu akukufunani, ndipo dzina lolembedwa m'fayilo pa mankhwala alionse operekedwa lidzakhala lanu. Katswiri wa unamwino wa ku United States, Marlene Kramer, analemba mu 1974 za kudzidzimuka kumene namwino watsopano amakumana nako akaona kuti ntchito yeniyeni ikusiyana ndi imene ankaiyembekezera ali kusukulu, ndipo aliyense amene anayang'anirapo anamwino atsopano amakudziwa kudzidzimuka kumeneku. Miyezi itatu kapena inayi yoyamba munthu amaweruka mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati anawerengera bwino madontho a diripi, ngati analemba zonse, ngati anauza wolandira shifiti za wodwala uja amene BP yake inali kutsika. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 manja amayamba kuzolowera, kuika kanyula sikutenganso nthawi, maso amayamba kuzindikira wodwala amene zikumuipira asanadandaule yekha, ndipo mantha aja amachepa n'kutsala kusamala koyenera.

Miyezi itatu yoyamba ya pathupi ikagwera m'nyengo imeneyi, katundu amakhala wawiri. Amayi pafupifupi 7 mwa 10 alionse amachita nseru kapena kusanza, kawirikawiri kuyambira sabata ya 6, ndipo vutoli limakula kwambiri chakusabata ya 9 lisanayambe kuchepa pakati pa masabata 14 ndi 16. Thupi limalefuka, tulo timabwera masana, ndipo fungo la zilonda, la mankhwala otsukira ndi la zofunda zimene wodwala wadetsa limamveka mowirikiza. Namwino wozolowera amapirira zimenezi chifukwa mbali yaikulu ya ntchito yake manja amaidziwa kale, pamene watsopano amafunika nzeru zake zonse pa chilichonse, makamaka powerengera mlingo wa mankhwala a mwana kumene kulakwitsa pang'ono kumavulaza. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Sindikhulupirira kuti umayi ndi unamwino ndi mapanga awiri oti munthu asankhepo limodzi, koma ndikuvomereza kuti chiyambi cha ntchito ndi chiyambi cha pathupi zikakumana m'miyezi imodzimodzi, munthu amavumbwadi.

Palinso nkhani ya kuchoka pawodi. Mukatenga pathupi mwezi woyamba wa ntchito, mudzapita kutchuthi mutagwira miyezi 8 kapena yocheperapo, ndipo m'miyezi ina mwa imeneyo mudzakhala mutachepetseredwa ntchito. Luso losakhazikika limazilala msanga, kotero pobwerera mudzakhala ngati mukuyambiranso, ulendo uno muli ndi khanda losagona usiku, ndiponso anzanu akukuonani ngati munthu wa chaka chachiwiri amene safunikanso womuyang'anira. Amene wamaliza chaka chathunthu, n'kugwiranso miyezi 7 kapena 8 ali woyembekezera, amapita kutchuthi akuyandikira zaka ziwiri za ntchito, ndipo akabwerera manja amakumbukira m'masabata ochepa. Apa m'pamene ndikusiyana ndi amene akukulangizani zaka ziwiri kapena zitatu. Malangizo awo ali ndi maziko, chifukwa Patricia Benner, amene mu 1984 anafotokoza magawo asanu amene namwino amadutsamo kuchokera pa woyamba kumene kufika pa katswiri, anaona kuti pamatenga zaka ziwiri kapena zitatu pa ntchito yofanana kuti namwino aziima payekha bwinobwino. Koma iwo akuwerengera ngati kuti tsiku loyamba kuyesa ndilo tsiku lochoka pawodi, chikhalirecho pakati pa masiku awiriwa pali miyezi yoyesa imene sitingaidziwiretu, komanso miyezi yambiri ya pathupi imene mudzakhala mukugwirabe ntchito ndi kuphunzira.

Zimene anamwino atsopano amakonda kuiwala ndi mapepala. Ngati padakali mayeso a bungwe loyang'anira anamwino, kapena nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa imene iyenera kukwana musanalowe m'kaundula mokwanira, malizani zimenezo kaye, chifukwa kubwerera ku mayeso amene munawasiya chaka chathunthu muli ndi mwana wakhanda n'kovuta, ndipo masiku ophonya kawirikawiri amafunika kubwezedwa. Kenaka pali nthawi yoyesedwa pa ntchito, imene m'malo ambiri imakhala pakati pa miyezi itatu ndi chaka. Munthu amene sanatsimikizidwe, kapena amene ali pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka, savuta kumutaya popanda aliyense kutchula za pathupi, popeza kontirakiti imangotha osawonjezeredwa, ndipo ngakhale malamulo a mayiko ambiri amaletsa tsankho lotere, kulitsimikizira kumafuna nthawi ndi mphamvu zimene mayi woti watsala pang'ono kuchira alibe.

Tchuthi cha uchembere nacho chili ndi malamulo ake. Pangano la 183 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la m'chaka cha 2000, limati tchuthichi chisachepere masabata 14, ndipo masabata 6 mwa amenewa akhale a pambuyo pobereka. Limatinso ndalama zimene mayi akulandira zisachepere magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, limaletsa kumuchotsa ntchito chifukwa cha pathupi, limamupatsa ufulu wobwerera pa udindo wake kapena wofanana nawo, ndiponso nthawi yoyamwitsa yolipidwa akabwerera. Komabe si mayiko onse amene anavomereza panganoli, ndipo ngakhale kumene tchuthi chilipo, nthawi zambiri pamakhala lamulo la kutalika kwa nthawi imene munthu ayenera kugwira asanayenerere. Ku United States lamulo la 1993 limapereka masabata 12 opanda malipiro, ndipo limakhudza okhawo amene agwira miyezi 12 ndi maola 1,250 kwa bwana yemweyo. Ku Britain mayi ali ndi ufulu wa masabata 52 ngakhale atangolowa kumene ntchito, koma kuti alandire malipiro a uchembere kudzera mwa bwana wake ayenera kukhala atagwira masabata 26 mosadukiza pofika sabata ya 15 nthawi yochira isanakwane, kutanthauza kuti amene analowa ntchito ali kale ndi pathupi sayenerera. Ndatchula mayiko awiriwa kuti muone kuti mwezi umodzi wokha ungasiyanitse wolandira malipiro ndi wosalandira.

Chotero m'masabata oyambirira pemphani buku la malamulo a ntchito ndipo muliwerenge nokha, osadalira zimene anzanu amanena pa nthawi yopuma. Fufuzani kuti mumayenerera tchuthi mutagwira nthawi yaitali bwanji, kuti nthawiyo imawerengedwa kufika tsiku liti, kuti mudzalandira malipiro onse kapena gawo chabe, kuti n'kololedwa kulumikiza tchuthi cha pachaka ku tchuthi cha uchembere, ndiponso ngati mudzafunika kubweza ndalama mukapanda kubwerera. Ngati maphunziro anu analipiridwa ndi boma kapena bungwe lina ndipo munasaina kuti mudzagwira zaka zakutizakuti, funsani ngati miyezi ya tchuthi imawerengedwa. Mafunso amenewa saulula chilichonse, chifukwa wantchito aliyense watsopano ayenera kuwafunsa. Mukapeza tsiku limene mukuyenerera zonse, werengani chammbuyo kuti muone mwezi umene mungatenge pathupi popanda kutaya kanthu, koma musiye danga la mwezi umodzi kapena iwiri, popeza pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse padziko lonse amabadwa masabata 37 asanakwane.

Nkhawa yanu ya msinkhu ndi yomveka, ndipo ndikufuna tiione modekha. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira onse amene adzakhale nawo, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika nthawi yotha msinkhu amatsala pakati pa 300,000 ndi 500,000, ndipo pa zaka 37 amatsala pafupifupi 25,000. Pamodzi ndi chiwerengerocho ubwino wa mazirawo umatsikanso, n'chifukwa chake kupita padera ndi mavuto monga Down syndrome zimachuluka mayi akamakula. Bungwe la madokotala a amayi la ku United States la ACOG limati mphamvu yobereka imayamba kutsika pang'onopang'ono chakuzaka 32 ndipo imatsika mofulumira pambuyo pa zaka 37. Mwa amayi athanzi a zaka za m'ma 20 ndi kumayambiriro kwa m'ma 30, pafupifupi mmodzi mwa anayi amatenga pathupi mwezi uliwonse woyesa, pamene pa zaka 40 amakhala mmodzi mwa 10. Palibe chimene chimaduka mwadzidzidzi tsiku limene mayi wakwanitsa zaka 30 kapena 35, ndipo kwa inu wa zaka 29 kudikira chaka chimodzi sikusintha mwayi wanu mwa njira yoti n'kuioneka.

Chimene chikundikanitsa zaka zitatu ndi chiwerengero cha ana amene mukufuna. Anthu ambiri amawerengera mimba yoyamba yokha, koma imene msinkhu umaikhudza kwambiri ndi yomaliza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi adikire miyezi yosachepera 24 kuchokera pamene wabereka asanayesenso kutenga pathupi. Mukayamba kuyesa pa zaka 30 zinthu n'kuyenda bwino, mwana woyamba adzabadwa muli ndi zaka 31, wachiwiri chakuzaka 34, wachitatu chakuzaka 37. Mukadikira zaka zitatu, wachiwiri adzabwera chakuzaka 36, ndipo wachitatu mudzakhala mukumufuna mukuyandikira zaka 40, pamene mwayi wachepa ndipo kuthamanga kwa magazi ndi shuga wa pathupi zikuchuluka. Mukanati mukufuna mwana mmodzi yekha, zaka zitatu sizikanandidetsa nkhawa kwenikweni. Kwa namwino wa zaka 35 kapena kuposerapo, kapena amene msambo wake suyenda bwino, amene ali ndi zotupa m'chiberekero kapena endometriosis (matenda amene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake), kapena amene anachitidwapo opaleshoni ya machubu kapena ya thumba la mazira, uphungu wanga ndi wina: amalize chiphaso ngati chili pafupi, aonane ndi dokotala wa amayi tsopano lino, ndipo asalole nthawi yoyesedwa pa ntchito kumulamulira, chifukwa udindo wa mkulu wa wodi kapena digiri yachiwiri angathe kuzipeza ngakhale pa zaka 45.

Kumbukiraninso kuti amene wasankha mwezi woyamba kuyesa sanasankhe mwezi wotenga pathupi. Mwa mabanja 10 amene akukhala malo amodzi kawirikawiri popanda njira yolera, pafupifupi 8 amakhala ndi pathupi chaka chisanathe, ena mwezi woyamba, ena mwezi wa 11, ndipo onsewo alibe vuto. Mwa mimba 100 zodziwika, 10 mpaka 20 zimapita padera, makamaka m'masabata 12 oyamba, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala vuto la mmene mwanayo anapangikira kuyambira pachiyambi, osati chimene mayi anachita kuntchito. Ndikunena izi chifukwa anamwino timazolowera kuti zinthu ziziyenda pa nthawi yake, ndipo ndaona ena akusweka mtima mwezi umene anaulemba pa kalendala utadutsa. Ngati chaka chitatha mukuyesa popanda kanthu, kapena miyezi 6 kwa amene wapitirira zaka 35, pitani mukayezetse nonse awiri, popeza vuto limapezeka mwa abambo kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Jakisoni wa Depo sapangitsa munthu kukhala wosabereka, koma mwa njira zolera zimene munthu angathe kusiya, ndi amene amachedwetsa kwambiri kubwerera kwa mphamvu yobereka. Tikatenga pakatikati, amayi amatenga pathupi patapita miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo ena amadikira kupitirira chaka. Mukafuna kuyamba kuyesa mutagwira ntchito miyezi 12, koma n'kubayitsa jakisoni womaliza mwezi wa 11, mungadzapezeke kuti mwadikira zaka ziwiri mosafuna. Chimene ndingakulangizeni ndi kusiya jakisoni miyezi 9 mpaka 12 nthawi yanu isanakwane, n'kusamukira ku mapiritsi, makondomu, lupu kapena njira yoika pamkono, chifukwa zimenezi mukazisiya mphamvu yobereka imabwerera nthawi yomweyo kapena m'masabata ochepa. Powerengera masiku anu, izi zikutanthauza kuti jakisoni amene mwabayitsa posachedwapa kapena wotsatira ndiye akhale womaliza. Koma musakhale popanda njira ina poganiza kuti mankhwala akale akukutetezanibe, popeza kuchedwa kuja ndi kwa amayi ambiri, osati onse. Mukasankha mapiritsi muganizirenso za mashifiti, chifukwa amafuna kumwedwa nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo munthu amene sabata ino ali usiku, sabata yamawa masana, amaiwala mosavuta.

M'chaka chodikirachi malizani nkhani ya katemera, chifukwa namwino amakumana ndi matenda amene mayi wina sakumana nawo kawirikawiri. Katemera wa hepatitis B amaperekedwa katatu, wachiwiri patapita mwezi umodzi ndipo wachitatu patapita miyezi 6 kuchokera pa woyamba, ndipo ngati n'kotheka muyezetse magazi pambuyo pake kuti mutsimikize kuti chitetezo chagwira. Ameneyu angaperekedwe ngakhale kwa woyembekezera, koma katemera wa rubella, amene nthawi zambiri amaphatikizidwa ndi wa chikuku, ndiponso wa katsabola, ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, motero saperekedwa kwa mayi wapathupi, ndipo mukalandira muyenera kudikira mwezi umodzi musanatenge pathupi. Matenda a rubella savutitsa munthu wamkulu, koma akagwira mayi m'masabata oyamba angachititse mwana kubadwa wosamva, wa ng'ala m'maso kapena wa vuto la mtima. Ngati simukudziwa kuti munalandira katemerayu, kapena kuti munadwalapo katsabola muli mwana, fufuzani tsopano, makamaka ngati mukupita ku wodi ya ana.

Foliki asidi, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, muyambe kumwa mwezi umodzi kapena miyezi itatu musanayambe kuyesa, chifukwa kanjira kamene kamadzasanduka ubongo wa mwana ndi mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa fupa la msana kamatsekeka pofika tsiku la 28 kuchokera pamene dzira lakumana ndi umuna, nthawi imene amayi ambiri amakhala atangozindikira kumene kuti msambo wadumpha. Amene ali ndi shuga, amene amamwa mankhwala ena a khunyu, kapena amene m'banja mwawo munabadwapo mwana wa vuto la msana, amapatsidwa mlingo waukulu umene dokotala ayenera kulemba. Yezetsani kuchuluka kwa magazi, gulu lake ndi Rhesus, BP, ndiponso HIV, chindoko ndi hepatitis B pamodzi ndi amuna anu, ndipo ngati mumamwa mankhwala a nthawi yaitali monga valproate, warfarin kapena a BP a gulu la enalapril, kambiranani ndi dokotala za kusintha musanatenge pathupi, koma musawasiye nokha. Zonsezi munaziphunzira, komabe anamwino tili ndi chizolowezi chodziyeza tokha pakati pa shifiti n'kumati zatha. Ndikukupemphani kuti pa nkhani iyi mukhale m'manja mwa mzamba kapena dokotala wina, muli ndi fayilo yanu ndi masiku anu a sikelo, amene WHO kuyambira 2016 imati asachepere 8, loyamba likhale masabata 12 asanathe.

Anamwino ambiri amagwira ntchito mpaka chakumapeto kwa pathupi n'kubereka ana athanzi, ndipo sindikufuna kuti muziopa wodi, koma pali zinthu zingapo zofunika kuzidziwa. Chimene umboni wake ndi wamphamvu ndi mankhwala a khansa. Kafukufuku wa anamwino oposa 7,000 ku United States, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti amene ankagwira mankhwalawa m'miyezi itatu yoyamba ya pathupi anali pa chiopsezo chowirikiza kawiri chopita padera. Mankhwala amenewa sapezeka ku wodi ya khansa kokha, popeza methotrexate amagwiritsidwanso ntchito pa mimba yokhala kunja kwa chiberekero ndi pa mitundu ina ya nyamakazi, ndipo zotsalira za mankhwala otere zimatuluka mu mkodzo ndi masanzi a wodwala kwa maola 48 kapena kuposerapo. Pa ekisileyi, bungwe lolangiza za cheza la ICRP limati mwana wosabadwa wa wantchito asalandire cheza choposa mlingo wa 1 mSv kuchokera pamene mayi wadziwitsa abwana mpaka pobereka, ndipo namwino wa pawodi amakhala kutali ndi mlingo umenewu ngati amaima patali makina akamajambula ndiponso sagwirizira wodwala pojambulapo. Ku fiyeta, mpweya wogonetsa monga nitrous oxide umakhala vuto makamaka kumene kulibe zipangizo zabwino zoukokera kunja.

Kachilombo ka CMV, kamene kamayenda m'malovu ndi mkodzo wa ana aang'ono, kangavulaze mwana wosabadwa, koma kusamba m'manja ndi kuvala magolovesi nthawi zonse kumateteza mokwanira, kotero si chifukwa chothawira wodi ya ana. Odwala oti woyembekezera wopanda chitetezo asawasamalire ndi a katsabola, chikuku ndi rubella, ndipo kumene kuli chifuwa chachikulu masiki a N95 asamachoke kumaso. Kudzibaya ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito kumagwera kwambiri otopa ndi osazolowera. Chiopsezo chotenga HIV mukabayidwa ndi singano ya wodwala amene ali ndi kachilomboka ndi pafupifupi 3 mwa 1,000, pamene cha hepatitis B kwa wosalandira katemera chingafike 30 mwa 100. Zikachitika, mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, ayambidwe m'maola oyambirira, maola 72 asanathe, n'kumwedwa masiku 28, ndipo pathupi si chifukwa chowakanira.

Mashifiti a usiku nawo si oti tiwanyalanyaze. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2019, wa amayi oyembekezera oposa 22,000 amene ambiri ankagwira ntchito m'zipatala, anapeza kuti pambuyo pa sabata ya 8 ya pathupi, amene anagwira usiku kawiri kapena kuposerapo pa sabata imodzi chiopsezo chawo chopita padera sabata yotsatira chinakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Kukwera kumeneku n'kochepa tikakuyerekeza ndi kwa mankhwala a khansa, koma n'kokwanira kuti mupemphe kuti mausiku achepetsedwe ndiponso asakhale ambiri otsatizana. Apanso chaka chathunthu cha ntchito chimathandiza, chifukwa namwino amene anzake amamudziwa, amene anawagwirirapo mashifiti iwo ali pa mavuto, amapeza omusinthira mosavuta kuposa mlendo wa miyezi iwiri. Kunyamula ndi kutembenuza odwala olemera musamachite nokha, kaya muli woyembekezera kaya ayi.

Ambiri amadikira masabata 12 asanauze aliyense, ndipo kwa achibale ndi anzanu ufulu ndi wanu. Koma ziwalo za mwana zimapangika makamaka m'masabata 8 oyamba kuchokera pamene dzira lakumana ndi umuna, ndipo abwana sangakuchotseni pa mankhwala a khansa kapena pa mausiku ngati sakudziwa. Mukangotsimikiza, uzani mkulu wa wodi kapena ofesi yoona za umoyo wa antchito mwachinsinsi, ndipo mulembe kalata n'kusunga kope lake, popeza m'malamulo ambiri chitetezo chimayambira pa tsiku limene mwadziwitsa. Ngakhale pa miyezi yoyesa kutenga pathupi, masabata awiri omaliza msambo usanabwere muzigwira ntchito ngati munthu amene angakhale ali ndi pathupi.

Mbali imene ndimaona kuti imafuna kukonzekera kwambiri ndi tsiku lobwerera kuntchito. Khanda la miyezi itatu kapena inayi limafuna wolisamalira maola onse a shifiti kuphatikizapo ulendo wopita ndi wobwera, usiku, Loweruka ndi Lamlungu, nthawi zimene malo ambiri osungirako ana amakhala otseka. WHO imalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 ndi kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo ngati tchuthi chanu sichifika miyezi 6 mudzafunika kufinya mkaka kuntchito maola atatu kapena anayi alionse, apo ayi mawere amatupa ndipo mkaka umayamba kuchepa. Mkaka wofinya umasungika pafupifupi maola 4 pamalo osatentha ndi masiku 4 m'firiji. Funsani anamwino amene abereka posachedwa pachipatala chanu kuti amafinyira kuti, amasunga kuti, ndipo amawaonera odwala ndani pa mphindi 20 zimenezo, chifukwa mayankho awo adzakuuzani zimene buku la malamulo silinena.

Kukambirana kwanu ndi amuna anu kusathere pa mawu akuti tidzathandizana. Khalani pansi ndi ndandanda yeniyeni ya mashifiti a mwezi umodzi n'kuidutsa tsiku ndi tsiku: usiku uwu mwana ali ndi ndani, mukaweruka m'mawa adzamugwira ndani kuti inu mugone, akatentha thupi inu muli pawodi adzathamanga naye ndani. Namwino amene sanagone ndi amene amalakwitsa mankhwala, kotero tulo tanu tikukhudza odwala anu ndipo tiyenera kukhala m'ndondomeko ya banja. Sungani ndalama zokwanira miyezi ingapo, poganizira kuti malipiro angachepe pa tchuthi ndiponso kuti maola oonjezera adzasiya. Dziwaninso kuti mayi woposa mmodzi mwa 10 alionse amadwala matenda a maganizo pambuyo pobereka, ndipo kudziwa zizindikiro zake sikuteteza namwino, choncho amuna anu nawonso azidziwe.

Pathupi pakabwera chaka chisanathe, kaya chifukwa njira yolera yalephera kaya chifukwa mwasintha maganizo, ntchito yanu sinaonongeke, ndipo simunalakwire anzanu a pawodi. Pafupifupi anamwino 9 mwa 10 alionse padziko lonse ndi amayi, kotero kukonzekera antchito opita kutchuthi cha uchembere ndi udindo wa oyendetsa chipatala. Zikatero yambani foliki asidi ndi sikelo nthawi yomweyo, dziwitsani mkulu wa wodi mwa kalata, pemphani kuti zilembedwe kuti nthawi yanu yoyesedwa kapena yoyang'aniridwa idzapitirira pamene yalekezera, ndipo pobwerera pemphani masabata angapo ogwira limodzi ndi namwino wozolowera musanayambirenso kukhala nokha pa shifiti ya usiku.